Nsapato Zitsale Pakhomo

Lachiwiri, 17 Epulo 1990

Tabwerera ku ntchito Pasaka atatha. Kutentha kwa Mangochi kokha ndiko sikunapite kutchuthi.

Buku lino ndikulibisa m'katoni ya madisiki, chifukwa mu ofesi muno palibe amene angayerekeze kugwira katoni imeneyo. Ndinawauza kuti disiki ikakhudzidwa ndi dzanja la thukuta imaiwala zonse. Pang'ono n'zoona.

Miyezi isanu ndi theka tsopano chibwerereni kuchoka ku Blantyre, ine Jestina Namaona wa pa kompyuta, pakati pa mainjiniya ndi anthu awo a mafosholo. Kampani yathu ikumanga malo opopera madzi a m'nyanja kwa Mtalika, kufupi ndi Nkhudzi, kuti mudzi ndi kachipatala kawo akhale ndi mipope. Iwo amayeza, ine ndimalowetsa manambala m'makina, makina amasanza mapepala, iwo amasaina. Miyezi isanu ndi umodzi yondiyesa ikutha pa 30 mwezi uno. Kalata yoti ndikhazikike kapena ndimange katundu alembe ndi Bwana Rowland, injiniya wamkulu.

Koma kaufumu ndili nako. Chipinda changa chokha ndicho chili ndi makina oziziritsa, osati chifukwa cha ine, chifukwa cha kompyuta. Sabata yoyamba aliyense ankapeza chifukwa cholowera, matope akusaiti ali mbwee pansi, wokolopa ine. Ndiye ndinamata pepala pachitseko: NSAPATO ZITSALE PAKHOMO, FUMBI LIMAPHA MAKINA. Ndinkaganiza kuti andiseka. Anavula onse! Kuyambira tsiku limenelo ndikudziwa masokosi a kampani yonse. A Bwana Rowland ali ndi chiboo pa chala chachikulu chakumanja, ndipo akamafotokoza za simenti chalacho chimasuzumira kunja ngati nacho chikumvetsera. Ndimayang'ana kudenga kuti ndisaphulike.

Lachitatu, 18 Epulo

A Mustapha, injiniya wachiwiri, akusala kudya mwezi uno wa Ramadani. Ikangokwana thu koloko amabwera ndi pepala limodzi lomwelo, ati akufuna kutsimikiza nambala. Amakhala pampando wapakona, atatsinzina, mpaka folo. Lero ndawafunsa kuti kodi nambalayo sinatsimikizikebe? Ati, "Achemwali, nambala imeneyi idzatsimikizika mwezi ukadzaoneka." Za nsapato iwo sadandaula, ati anazolowera kumzikiti.

Bwana R. anatipeza tikuseka. Sanakondwe. Anatuluka, n'kubweranso ndi mulu wa mabuku akale, odyedwa ndi chiswe m'mbali, fungo la mphemvu lokhalokha. Phi! patebulo panga. "Mayi Namaona, makina anuwa akungodya magetsi. Apatseni chakudya."

Ndi mabuku a geji. Geji ndi chitsulo chachitali cholembedwa manambala, chozikidwa m'madzi padoko la kwa Mtalika, ndipo kumeneko kuli bambo wina amene amawerenga m'mawa uliwonse kuti nyanja yafika pati. Ina yotero ili cha ku Makokola. Pokonza mapulani tinagwiritsa ntchito manambala oyambira 1988 okha, chifukwa nthawi inali yochepa ndipo mabuku akalewa ankati anasowa. Lero apezeka, poti pafunika chilango cha munthu woseka. Zaka zisanu ndi zinayi, tsiku ndi tsiku, mageji awiri. Zala zanga, pepani.

Lachinayi, 19 Epulo

Ndafika 1984. Khosi lauma.

Mainjiniyawa ali ndi khalidwe lawo. Manambala amandibweretsera pa chilichonse chimene chinali pafupi: pepala la thumba la simenti, paketi ya ndudu, tsiku lina kapitawo anabwera ndi thabwa. Ukafunsa kuti uyu ndi 1 kapena 7, amakuyang'ana ngati wafunsa dzina la apongozi awo. "Ingolowetsani, makina adziwa." Amaganiza kuti m'kati muno muli kamzungu kanzeru kokhala pampando. Ine sindiwatsutsa. Pepala likakhala lonyansa ndimangolibweza kuti makina akana, amapita kukalemba bwino mwakachetechete. Ndikanati ndakana ndine, bwenzi nkhani itafika kwa abwana.

Koma wa geji ya kwa Mtalika ndi munthu wina. Dzina lake Che Wadi, lili pachikuto cha buku lililonse. Sindinamuonepo koma ndayamba kumukonda. Manambala oima njo, ndipo m'mphepete amalembamo timawu: "mwera," "mvula yambiri," "ng'ona padoko." Pena analemba kuti "mwana wabadwa," kenako n'kufufuta, mwina atakumbukira kuti bukulo ndi la Boma.

Lachisanu, 20 Epulo

Zala ndi zimene zinaona, maso anabwera pambuyo. Ukalemba manambala masiku atatu, zala zimadziwa mayendedwe ake: mvula ikagwa nyanja imakwera pang'onopang'ono, Meyi akadutsa imatsika pang'onopang'ono, sentimita imodzi, ziwiri. Ndiye mu Julaye 1987 chala chinangopunthwa. Pa 8, 1.48. Pa 9, palibe kanthu, Che Wadi amene sanajombepo n'tsiku limodzi lomwe. Pa 10, 2.10. Nyanja kukwera masentimita 62 m'masiku awiri, nyengo yozizira, popanda dontho la mvula! Ndinatsegula buku la ku Makokola masiku omwewo. Kumeneko nyanja inatsika sentimita imodzi basi. Nyanja ndi imodzi, singakwere mbali imodzi ngati bedi lothyoka mwendo.

Kuyambira pamenepo manambala onse a kwa Mtalika ndi onenepa ndi 62. Ndipo ndi omwewo amene ndinalowetsa ine mu Disembala, amene anabala mapulani.

Ndinadzutsa a Mustapha pakona pawo. Tulo tinawathera pompo. Anawerengera pachikhatho ndi cholembera. Ati kamwa la paipi yokoka madzi analiika theka la mita pansi pa nambala yotsikitsitsa. Theka la mita ndi 50. Bodza ndi 62. "Ndiye kuti mu Novembala nyanja ikadzatsika, paipi idzakhala ikuyamwa mphepo." Ndipo mwambo wotsegulira, akuluakulu a Chipani, amayi ovina, mbendera, zonsezo akonzera Novembala yemweyo. Ndinaona m'maganizo mlendo wolemekezeka akupotokola mpope, mpope n'kungoti fyoo. Ndinaseka. Kenako ndinakumbukira kuti pansi pa pepala lililonse lotuluka m'pulinta pamalembedwa J. NAMAONA, ndinaikapo ndekha dzinalo chifukwa chonyada. Kuseka kunatha.

Konkire ya chitsime cha paipiyo athira Loweruka la sabata yamawa, pa 28. Ikauma yauma.

Ndinati kawauzeni abwana. Ati, "Ine? Achemwali, amene ndinalowa m'malo mwake anauza abwana pamaso pa anthu kuti alakwitsa pa mlatho wina. Panopa akuwerenga makalavati ku Chiponde. Munafikako ku Chiponde?" Ndinati ayi. "Musadzafikeko."

Loweruka, 21 Epulo

Ndinavala bulauzi yabwino, ndinagogoda pa ofesi ya Bwana R., buku la 1987 lili m'khwapa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Eee, mayi?" Pakamwa panga panatuluka zoti riboni ya pulinta yatsala pang'ono kutha. Anandisainira pepala la riboni ziwiri. Tsopano ndili ndi riboni zisanu ndi manyazi.

Kwathu ku Phalombe anandiphunzitsa kugwada popereka madzi kwa akulu. Ku Blantyre anandiphunzitsa kompyuta. Palibe anandiphunzitsa kuuza bambo wa imvi, amene anamanga milatho ine ndikukwawa, kuti nambala yake ndi yabodza.

Lamulungu, 22 Epulo

Nditatuluka m'tchalitchi a Mustapha ananditenga pa njinga yamoto ya kampani, ine nditakhala chammbali ngati thumba la chimanga chifukwa cha siketi. Panjira anyamata a Chipani anatiimitsa kufuna makhadi. Langa linali m'Baibulo, pamene limakhala. Mmodzi anafunsa kuti tikupita kuti, a Mustapha anati tikukaona za madzi a mwambo wa Novembala. Anatichotsera okha mtengo pamsewu.

Che Wadi tinawapeza akumata bwato ndi phula. Bambo wochepa thupi, ndevu zoyera, maso akuthwa. Ndinayamba ndi kuwayamikira, ndipo sikunali kunyengerera: zaka khumi ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, buku la chaka chino lokutidwa bwino m'pulasitiki ya shuga. Anakondwa. Kenako ndinatsegula pa Julaye 1987 n'kuloza mzere wopanda kanthu uja. Nkhope inagwa. Anayang'ana a Mustapha, anayang'ana kumsewu, ngati kumbuyo kwathu kukubwera galimoto.

"Mwatumidwa ndi a Boma?"

A Mustapha anawalankhula m'Chiyao kanthawi, ine ndinangotolapo dzina langa ndi mawu akuti kompyuta. Kenako anaika pansi chitini cha phula.

"Amwali, ine mwezi uno ndikusala, bodza sindinganene. Inali mvuu. Inabwera kudzadzikanda pachitsulopo, m'mawa ndinapeza chagona m'madzi. Tsono ine ndikanene kuti katundu wa Boma wagwa ali m'manja mwanga? Wallahi, chaka chomwecho mnzathu wina anangokoleka nsomba pa mtengo wa mbendera, anakagona kupolisi sabata ziwiri. Ndinaitana mlamu wanga, tinachidzutsa. Dzenje lakale mchenga unali utakwirira, ndiye tinachisunthira kutsogolo mapazi asanu, kumene mabwato sagunda. Tinachiimika chowongoka bwinobwino, tiyeni mukaone."

Tinakaona. Chowongokadi, chopukutidwa, manambala owala. Kungoti chinaima pakuya, ndiye madzi amachifika m'mwamba kuposa kale.

Potsanzikana anagwira dzanja la a Mustapha ndi manja awiri. "Ntchito iyi ikandichoka ndilibe ina. Koma chimene ndikuopa si ntchito." Mayi Alima, akazi awo, anandipatsa mapapaya awiri, eni ake akusala. Ndinalandira mtima ukulemera. Ndikalankhula ndiponya bambo uja pamoto, ndikakhala chete ndidziponya ndekha, pamodzi ndi kachipatala kopanda madzi.

Lolemba, 23 Epulo

Nzeru yandipeza ndikusamba.

Mu ofesi muno wamng'ono sangauze wamkulu kuti walakwa. Koma kompyuta si wamng'ono. Ilibe kwawo, ilibe khadi la Chipani, sangaitumize ku Chiponde. Ikati vulani nsapato amavula. Mwezi watha ndinati makina sakonda utsi wa fodya, kapitawo anasiya kusuta pakhonde ponse. Nanga bwanji inene yokha?

Mawa Bwana R. akufuna pepala lomaliza la milingo, loti asaine asanathire konkire. Ndatsegula pulogalamu, ndawonjezeramo mizere isanu. Pepala likamatha, pulinta ilembe m'Chizungu, zilembo zazikuluzikulu, kuti: CHENJEZO. GEJI YA KWA MTALIKA NDI YA KU MAKOKOLA ZASIYANA NDI MASENTIMITA 62 KUYAMBIRA JULAYE 1987. CHONDE BWANA, YEZANINSO MUSANATHIRE KONKIRE. Ndaikamonso zoti makina alire katatu, piii piii piii, kuti amveke ngati apsa mtima. Dzina la Che Wadi mulibe, mvuu mulibe, maganizo a Jestina mulibe.

A Mustapha ataona anagwira mutu. "Astaghfirullah. Mwaiphunzitsa miseche." Ati mawa iwo adzakhala kusaiti tsiku lonse, kutenthe kusatenthe, nambala yawo ija ikhoza kudikira.

Ndanyadira, ndisabise. Ndayesa kawiri ofesi itatsala yokha, kawiri konse yalira bwino.

Lachiwiri, 24 Epulo

Zayenda, koma zayenda chobwerera m'mbuyo.

Bwana R. anavula nsapato pakhomo, analowa, chala chija chili panja. Pulinta inayamba phokoso lake. Ine ndikunamizira kupukuta tebulo. Piii piii piii. Ndinadumpha ngati ndadzidzimuka, mwina ndinapitirira muyeso. Anang'amba pepala, anawerenga atalitalikitsa ndi maso, anawerenganso. Chala chinabwerera m'sokosi.

"Zimenezi imachita kawirikawiri?"

"Ndi koyamba, bwana."

"Ndiye yadwala." Anapinda pepala kanayi, analiika m'thumba la malaya. Ati aimba foni ku Blantyre, atumize katswiri wa makina adzaione Lolemba. Ati konkire ndi Loweruka monga tinapangana, simenti yafika kale, aganyu auzidwa kale. Akuvala nsapato pakhomo anaponya mawu osandiyang'ana: "Chiweto chikadwala timayamba kufunsa woweta."

Katswiriyo akadzatsegula pulogalamu adzapeza mizere yanga isanu itakhala phee kumudikira. Ndipo Lolemba limenelo ndi pa 30. Walira mvula walira matope, Jestina.

Lachitatu, 25 Epulo

Bwana R. sanalowe tsiku lonse. Anangotuma mesenjala kudzatenga mabuku onse a geji, osanena chifukwa. Pakhonde ndinamva kapitawo akuuza dalaivala kuti kompyuta yatukwana abwana. Pofika masana nkhani inali yoti yawatchula dzina.

A Mustapha anabwera thu koloko opanda pepala. Sanatsinzine. Ati aganiza usiku wonse, ngati zivuta anena kuti anandituma ndi iwo. Ndinati musatero, ku Chiponde akakhala mainjiniya awiri makalavati sakwanira. Anaseka pang'ono, milomo itauma ndi ludzu. Munthu wabwino, mantha okha.

Katatu ndatsegula pulogalamu kuti ndifufute mizere ija. Katatu ndatseka osafufuta. Ndikafufuta, katswiri adzati makina ali bwino, ine ndidzapuma mpaka Novembala, kenako mpope udzati fyoo. Ndikuopa, ndilembe poyera, ndikuopa kwambiri. Amayi anauza mpingo wonse kuti mwana wawo amayendetsa kompyuta kunyanja. Ndikatsika basi ndi sutikesi ndidzati chiyani?

Papaya limodzi lapsa. Ndadya ndekha, lokoma mochititsa manyazi.

Lachinayi, 26 Epulo

Cha m'ma leveni ndinamva mapazi. Sanaime pakhomo. Bwana R. analowa ndi jombo zakusaiti, matope ndi onse, anatseka chitseko, anakoka mpando wapakona. Anatulutsa pepala lija n'kuliwongola pabondo.

"Mayi Namaona, ine makompyuta sindiwadziwa kwenikweni. Koma nditapita kukosi kunja ndinawaonako, aakulu ngati wadiropu. Amakana, amazima okha, amakuuza zinthu mwamwano. Sindinaonepo kompyuta yonena kuti chonde bwana. Imeneyi inaleredwa kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Matope.

"Ku Phalombe, bwana."

Anatseka pakamwa ndi dzanja, sindikudziwa ngati ankaseka kapena kutsokomola. Kenako nkhope inauma. "Tsono makina ndawamva. Ndikufuna ndimve kwa inu, ndi pakamwa panu. Manambala anga ali bwanji?"

Ndinaganiza za riboni, ndinaganiza zoti makina ndi amene anena. Iwo akungodikira.

"Ndi olakwika, bwana."

Mawu atatu okha, koma thukuta linatuluka m'chipinda chozizira. Denga silinagwe. Ndiye ndinapitiriza, ndinawaonetsa pa sikirini mizere iwiri, wa ku Makokola ukuyenda bwinobwino, wa kwa Mtalika utadumpha ngati sitepe. Anayandikiza mpando. Ati mabuku anawerenga okha dzulo, Julaye yense, tsiku ndi tsiku. "Ndinakupatsani mabuku aja kuti musiye kuseka. Taonani tsopano."

Anafunsa chimene chinachitika ku geji. Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali. "Bodza ili ndiye simunalikonze bwino ngati loyamba lija."

Ati komabe pepala ndi pepala, iwo saimitsa konkire chifukwa cha pepala, ngakhale laulemu. Kandimverere anakanena za m'maluwa, akayeza okha. Mwezi ukaoneka lero mawa ndi Idi, a Mustapha ndi theka la anthu akusaiti sakhalapo, ndiye wogwira ndodo yoyezera ndine. "Mubwere ndi nsalu yosinthira. Manambala mumalembawa amachokera m'madzi."

Atatuluka ndinakolopa matope. Za kalata yanga sananene kanthu. Za Che Wadi ndiye ndikuopa kuganiza.

Lachisanu, 27 Epulo

Mwezi unaoneka. Tauni yonse mikanjo yoyera, ana nsapato zatsopano, fungo la mpunga paliponse. Ine m'galimoto ya kampani, nditapanikizika pakati pa makina oyezera a miyendo itatu ndi ndodo yake yaitali ya manambala.

Kwa Mtalika Bwana R. sanafunse njira. Anapita molunjika pathanthwe lina la padoko, anapala ndere ndi mpeni, panaoneka msomali wamkuwa. Ati anaukhoma ndi iwo mu 1979, tsiku lomwe anazika geji, ndipo milingo yonse ya mapulani imayambira pamenepo. Zimenezi m'kompyuta mulibe. Ndinachita manyazi pang'ono, miyezi yonseyi ndikulemba manambala osadziwa kuti ali ndi pochokera poti munthu ukhoza kupondapo.

Anaimika makina. Ine ndodo pamsomali, kenako ndodo pambali pa geji, madzi m'chiuno, chitenje chikuyandama, amayi a padoko akufa nako kuseka. "Wongolani ndodo, mayi! Kumanzere! Kompyuta yanu sikuthandizani kumeneko!" Ndinakuwa ndili m'madzi kuti ng'ona ikabwera pepala lopempha riboni adzadzilembere okha. Anaseka mpaka makina anagwedezeka, tinayambiranso. Anayeza katatu. Anawerengera m'kabuku ndi pensulo, anandiitana, anandionetsa. 0.62.

Apo ndi pamene Che Wadi anatulukira kuchokera kumzikiti, mkanjo woyera, mzuli kumutu, anthu akuwatsatira. Anaima chapatali, manja ali kumbuyo ngati awamanga kale.

"Che Wadi, Idi yabwino."

"Sikomo, bwana."

"Geji yanga ndinaisiya apo. Yafika bwanji uko?"

Ine ndili chilili, madzi akudontha m'chitenje. Che Wadi ananena zonse, mvuu, mlamu, mapazi asanu, sanasiyeko kanthu. Bwana R. anatsegula kabuku, ananyambita pensulo. "Ndiye mvuu inagwetsa." Analemba. "Kenako inadzutsa, n'kuzika pakuya." Analemba. Che Wadi anati ayi bwana, anadzutsa ndine, mwezi wosala unatha dzulo koma bodza sindiyamba lero.

"Che Wadi, ine ndinabadwira tsidya ilo, mvuu zakuno ndikuzidziwa. N'zaulemu, zikagwetsa chinthu zimadzutsa. Lipoti lopita ku Blantyre likunena za mvuu. Akafuna kuimanga abwere ndi chingwe chawo."

Anthu anaphulika. Kenako anayandikira, anatsitsa mawu, koma ine ndinamva. "Injiniya amene sanabwere kudzayeza geji yake zaka zitatu ndine. Ikadzagwanso mudzanditumizire uthenga. Mvuu isadzavutikenso."

Che Wadi anaseka, kusekako kunasanduka kwina, anavula mzuli n'kupukuta m'maso. Nanenso ndinatembenukira kunyanja, ndinati ndikufinya chitenje. Mayi Alima anatikoka kunyumba, mpunga ndi nyama ya mbuzi. Bwana R., mkulu wa mpingo wa Angilikani, anawonjezera kawiri.

Tinanyamuka kubwerera. Pa mphambano ya Makokola anangoti, "Simenti ija idikira."

Loweruka, 28 Epulo

Konkire sanathire. Akukumba masentimita ena 70. A Mustapha ati kapitawo watukwana kompyuta, mvuu, ndi amayi ake a mvuu.

Takhala awiri mpaka masana, iwo akuwerenga mokweza, ine ndikuchotsa 62 pa manambala onse kuyambira pa 10 Julaye 1987, kenako iwo akujambulanso. Akudya mandasi pafupi ndi kiyibodi ngati akubwezera mwezi wonse, ndipo ndalephera kupeza bodza lowaletsera. Mizere isanu ija sindinaifufute. Ndaikonza kuti ikhale yeniyeni, iziyerekeza yokha mageji awiri nthawi zonse. Chonde bwana ndachotsamo.

Lolemba, 30 Epulo

Katswiri wa ku Blantyre sanabwere. Ndinafunsa mayi wa pa foni, ati foni yotero sinaimbidwe n'komwe. Masiku awiri ndinaonda pachabe!

Ndinaganiza zolapa zonse pakamodzi. Ndinamatula pepala la pachitseko, ndipo Bwana R. anandipeza lili m'manja, iwo atanyamula mapulani opiringiza. Ndinati bwana, za nsapato zija, fumbi silipha makina msanga choncho, ndinangotopa ndi kukolopa.

"Ndikudziwa, mayi. Kukosi kuja tinkalowa ndi nsapato."

"Nanga mumavuliranji miyezi yonseyi?"

"Simenti ya muno imazizira. Mapazi a munthu wa zaka 56 amathokoza. Bwezerani pepalalo."

Ndinabwezera. Anavula, analowa. Masokosi atsopano, akuda bii, chala chili m'kati. Ndinamva chisoni pang'ono, tinali titazolowerana.

Anayala mapulani atsopano patebulo panga. Pakona pake pali timabokosi titatu, ka wojambula, ka woona ngati zili bwino, ka wovomereza. Miyezi yonseyi ndimationa tili ndi zilembo za mainjiniya okhaokha. Lero koyamba kanali ndi M, komaliza kakudikira R, kapakati kopanda kanthu. Anaika cholembera chawo pamenepo.

"Muone kaye, musangosaina. Zikalakwika tikawerengera limodzi makalavati ku Chiponde."

Ndinalimba mtima, ndinafunsa za kalata yanga ya miyezi isanu ndi umodzi.

"Munthu woti akupita ndingamusainitse mapulani?"

Ndinawerama msanga kuti asaone maso anga. Iwo anakakhala pampando wapakona, anatambasula miyendo pa simenti, anatsinzina. Ndinayamba nambala ndi nambala, pepala la m'pulinta kumanzere, mapulani kumanja, ola lathunthu. Cha kumunsi, pa mlingo wa pansi pa chitsime, panali manambala awiri osinthana malo. Zolemba si za a Mustapha, ndi za Bwana R., ndikuzidziwa. Ndinayang'ana kompyuta. Inali chete, ikungophethira kachizindikiro kake kobiriwira.

"Bwana, apa mwalakwitsa."

Sanatsegule n'komwe maso. Anangotambasula dzanja.

"Bweretsani pensulo."